Nsungwi ya Pachitsime

A Kuramochi anaizula nsungwi ija ndi dzanja limodzi, n'kuiponya m'ngalande. Inali itafumbwa kale, ndiye inkafuna chiyani pakati pa njira?

Akazi awo, a Fumie, anali gone m'chipatala kutauni atafa ziwalo mbali imodzi. Adokotala anati akatuluka aziyenda pa njinga ya olumala. Nanga njingayo ikanadutsa bwanji pamatope a pakhomo paja? Ndiye mkuluyo, amene anakalambira pa chiwongolero cha basi, anatsimikiza zoyala njerwa kuyambira kumsewu mpaka pakhonde. Anachotsa dothi lonse lofewa, anathira miyala ya kwale, n'kubwereka makina otsindira, aja ogwedeza mano m'kamwa.

"Iii, a Kuramochi! Mwachitseka mphuno?" Anali a Toyoko, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana, atasuzumira pampanda.

"Chiyani?"

"Chitsime! Bambo anu pochikwirira anasiya nsungwi kuti chizipuma. Akazi anu chaka chilichonse ankathirapo mchere ndi mowa wa mpunga. Inu maso kumsewu basi."

"Dzenje lili ndi mapapo? Kathirireni ndiwo zanu uko, mayi."

Anatsindira mpaka pansi panauma gwa! Koma m'mawa mwake, pomwe panali nsungwi, panali patatitimira kamalo kozungulira ngati lichero, konyowa. Mvula inali isanagwe. Anathiranso kwale, anatsindiranso. Kutacha, kamalo kaja kanali pomwepo, madzi akuyenderera pakati pa miyala. A Kuramochi anayamba kumakalambalala, osakayang'ana.

Kenako mwana wawo Harue anaimba foni. "Bambo, amayi m'mapapo mwalowa madzi. Akubanika."

A Kuramochi anakawapeza a Fumie kuchipatala kukamwa kuli yasa, dzanja lawo lamoyo lija likukanda pakhosi ngati akuchotsapo chinthu cholemera. A Fumie anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali. Za nsungwi a Kuramochi sanatchule. Mantha anawagwira.

Atabwerera sanavule n'jekete lomwe. Anadula nsungwi yaiwisi kuseri kwa nyumba, anaiboola mfundo zonse ndi chitsulo, n'kutenga piki kukakumba pakamalo kaja. Ntchito yawo yomwe inawakanira. Anali ataitsindiradi, abale, piki kumachita kunjanja. Dzuwa linapendeka iwo akukumbabe, zikhatho zitatuluka matuza. A Toyoko anabwera ndi kambale ka mchere, n'kukaika pambali pa dzenjelo.

Atafika pamatope akuda, a Kuramochi anazika nsungwi ija, anawaza mchere, anathira mowa, n'kugwada.

"Pepani. Sindinadziwe. Pepani ndithu."

Anaika chikhatho pamwamba pa nsungwiyo. Munatuluka mpweya. Wa m'chitsime umazizira, koma uwu unali wofunda, wautali, ngati wa munthu amene watula katundu. Unatuluka, unatuluka, n'kuleka.

Foni inalira m'thumba. Anayankha ndi dzanja lamanzere, lamanja likadali pansungwi. Harue ankangolira.

Dzenjelo analikwirira okha, nsungwi ili chilili pakati, chifukwa alendo obwera kumaliro anali m'njira. Sanatsindire n'komwe, koma pamalopo sipanatitimirenso. Galimoto yoyamba kulowa panjirayo inali yobweretsa thupi la a Fumie. Inafika mpaka pakhonde bwinobwino, osasiya ngakhale kachidindo ka tayala.