Batire Lotupa M'thumba la Wamagalasi

Ana anga amanditcha agogo a Samalani. Ndimachenjeza aliyense: wowoloka msewu, wogona ndi foni kumutu, wodya akuyenda. Sukulu sindinapondeko, koma maso ndili nawo, ndipo mantha ndi amene andifikitsa pa imvi.

Mdzukulu wanga wamkazi ankayeza magazi m'labotale ya kachipatala kena. Makina ake ali ndi batire kunsi, loti magetsi akathima ntchito isaime. Mwanayo anauza mkulu wake, bambo amene timangomutcha Wamagalasi, kuti batire latupa ngati chule, lisinthidwe. Iye anati, "Iwe wabwera dzulodzuloli, usandiphunzitse ntchito."

Magetsi atathima, makina anazima magazi a odwala ali m'kati, zonse n'kuwonongeka. Wamagalasi anakauza adokotala, eni chipatalacho, kuti batire lili bwinobwino, mtsikanayo ndiye anazimitsa makina chifukwa cha chibwana. Anamuimitsa ntchito. Mdzukulu wangayo ankangogona, nkhope kukhoma, chakudya osachiyang'ana.

Ine ndimayezetsa shuga komweko. Tsiku langa litakwana ndinapita, n'kukhala pampando wa odwala. Wamagalasi sanandiwerengere. Kwa iye nkhalamba ndi mpando n'chimodzimodzi.

"Dikirani kaye agogo, ndikonze ichi," anatero.

Anatseka chitseko, anazula chingwe kukhoma, n'kugoneka makina cham'mbali. Atamasula kachivundikiro anasolola batire. Linali lotupadi, mimba tuu, chikutiro chake chitang'ambika. Analowetsa latsopano, n'kulumikiza timawaya, kofiira ndi kakuda. Pomwepo tinamva mawu a adokotala m'khonde. Mwamsangamsanga Wamagalasi anaponya lakalelo m'thumba la gawuni yake yoyera, ndipo ndinamva makiyi akulira m'menemo.

Mdzukulu wanga ankanena kuti batire lotupa lisamakhudzane ndi chitsulo, limalusa. Ine ndimaopa ngakhale la m'wailesi. Chenjezo linakwera mpaka pakhosi. Ndinalimeza.

Adokotala analowa n'kundipatsa moni. Wamagalasi anayamba kusendera kukhomo kuti akataye umboni wake. Ndinamugwira mkono, zolimba.

"Bambo, samalani pansipa, akolopa kumene."

"Ndamva agogo."

"Chingwe cha nsapato yanu chamasukanso. Mlamu wanga anathyoka nacho mwendo."

"Agogo, tandisiyani kaye, ndibwera."

"Mubwera liti, anthu a masiku ano? Ndipo musamaime pazenera muli ndi thukuta, khosi limapotoka. Cholemberacho musamachilume, chimakhala ndi poizoni."

Adokotala ankangoseka. "Amvereni bambo, awa akapanda kumaliza sagona."

Ndinamuchenjeza za zonse za pansi pano, kupatula chimodzi. Kenako kunamveka fungo la pulasitiki yopserera, utsi n'kuyamba kufuka m'thumba muja. Wamagalasi anavina gule amene sanaphunzirepo, uku akulimbana ndi mabatani. Gawuni itagwa, makiyi ndi batire zinagubuduka mpaka pamapazi pa adokotala. Iwo anathamangira chidebe cha mchenga wozimitsira moto n'kulikwirira. Utsi utachepa analifukula ndi nsonga ya nsapato, n'kuliyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ili ndi lija munati lili bwinobwino?"

Wamagalasi anangogwira ntchafu, thalauza itabooka, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Agogo," anatero adokotala, "mdzukulu wanu ali kunyumba?"

"Aliko. Watsala mafupa okhaokha."

"Mukamuuze abwere mawa m'mawa. Inu bambo, mukamanga balalo mundipeze ku ofesi."

Potuluka ndinaima pafupi ndi Wamagalasi. "Bala la moto musamapakepo mankhwala otsukira mano, bambo. Limanyeka."

Shuga sanandiyeze tsiku limenelo, koma ndinayenda mopepuka ngati mtsikana, ngakhale ndinayang'anabe uku ndi uku powoloka msewu. Nditafika ndinamudzutsa mwanayo kuti asite gawuni yake, n'kumuuza kuti azule simbi akamaliza.

Ndiye inu ana, batire lotupa musamaliike m'thumba. Ndipo musamanamizire mwana wa munthu agogo ake akadali ndi maso.