Tepi ya Atelala

Kachilombo koyambitsa timatuza ta pamlomo, tija timangouma tokha, kanawalowa mu ubongo atelala. Anatentha thupi masiku atatu, kenaka n'kuyamba kubwebweta ndi kukomoka. Adokotala anapulumutsa moyo, koma zaka makumi awiri za banja zinatsala kuchipatala komweko, sanazikumbukirenso.

Tsopano mkazi wawo akalowa m'shopu m'mawa atanyamula tiyi, atelala amaimika makina n'kumukokera mpando.

"Takulandirani, mayi. Tikusokereni chiyani?"

Poyamba mayiyo ankalira, n'kumawaonetsa zithunzi za ukwati. Anatopa nazo. Masiku ano amangoti, "Diresi, bambo," n'kutambasula manja, poti ndi nthawi yokhayo imene mwamuna wake amamukhudza.

Lachiwiri lapitali tepi inazungulira m'chiuno, chala chachikulu n'kuima pa nambala. Atelala anachita tsinya.

"Mwawondatu, mayi. Kale munali sate-sikisi."

Mayiyo anangoti chilili, manja akadali m'mwamba, kudikira kuti mwina amutchula dzina.

Atelala analemba nambalayo m'kabuku, n'kutsomeka pensulo kukhutu.

"Azikusamalani kunyumbako. Amuna anu alipo?"