Liwu la ku Mgodi

Eliza anabwerera kusukulu ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ana atatu, ndi munda wa kachewere kuseri kwa Tsangano. Mayeso a Fomu 4 anawalephera kalekale chifukwa cha Chingerezi chokha, ndipo chaka chino anatsimikiza mtima kuwalembanso. M'mawa ankalima, masana n'kukakhala pa desiki limodzi ndi atsikana amene akanatha kuwabereka.

Lachitatu lina mphunzitsi wawo, mayi Fanizo, anapatsa aliyense liwu limodzi kuti akapange nalo ziganizo zitatu. Eliza linamugwera lakuti "dicey".

"Limeneli si la m'kalata yofunsira ntchito," anatero mayi Fanizo. "Ndi la pocheza. Tanthauzo mukafufuze nokha."

Kunyumba kunalibe dikishonale, ndipo foni ya intaneti anali atapita nayo mwamuna wake, Chrispine, amene anaperekeza matumba a kachewere ku Blantyre. Madzulo Eliza anakhala pakhonde kusankha mbewu, kope lili pambali, akulibwereza liwulo chapansipansi monga linalembedwera.

"Di-se-yi. Diseyi."

Pansi pa mtengo wa pichesi panali apongozi ake aamuna, a Silvester, akusema mpini wa khasu. Pa zaka khumi ndi zitatu za ukwati wake, Eliza anali asanachezepo nawo kupitirira moni ndi za mvula. Sikuti ankadana. Unali ulemu chabe, komanso mkuluyo sankayankhula kawirikawiri.

"Si diseyi, amake Tracy," anatero a Silvester osadzutsa mutu. "Ndi daisi."

Eliza anaika pansi kachewere amene anali m'manja. "Mukulidziwa, bambo?"

"Ndinalisiya ku Joni. Sindinkayesa kuti lingandipeze kuno."

Eliza ankadziwa kuti apongozi akewo anagwirako ntchito mumgodi wa golide ali achinyamata, koma za kumeneko sankazikamba, ngakhale kwa ana awo. Anasendeza mkeka wake pang'ono n'kuwapempha kuti amuuze tanthauzo lake.

A Silvester anaimika mpini uja ngati ndodo. Anati pansi pa nthaka, akaphulitsa miyala, munthu sankangolowa. Ankayamba watenga chitsulo chachitali n'kugogoda mwala wa pamwamba pa mutu. Ukalira kuti ngwee, ndiye kuti walimba. Koma ukalira ngati mgolo wopanda kanthu, kapitawo ankapukusa mutu n'kunena kuti daisi.

"Ndiye kuti ndi chinthu choopsa," anatero Eliza, akutenga cholembera.

"Musafulumire kulemba. Njoka ikalowa m'nyumba, si daisi imeneyo, ndi zoopsa basi. Daisi ndi pamene sukudziwa. Ukhoza kudutsa bwinobwino, ukhozanso kutsala pomwepo."

Kenako anapitiriza okha. Tsiku lina, anati, kapitawo anadwala, ndipo chitsulo chija anagwira ndi iwo. Atagogoda, kulira kwake sanakukonde. Anatulutsa anzawo onse khumi ndi mmodzi, ntchito n'kuima tsiku lathunthu. Akuluakulu anawakalipira, anzawo anawaseka kwa mwezi.

"Nanga mwalawo unagwa?"

"Sunagwe. Mwina mpaka lero ulipo." Anaseka, mano awo otsala akuonekera. "Koma ndikanati ndibwerere, ndikanawatulutsanso."

Eliza anaseka nawo, ndipo anadabwa kumva kuseka kwake kukusakanikirana ndi kwa apongozi ake pabwalo limodzi.

Ziganizo anapanga awiri. Choyamba chinali chosavuta: msewu wochoka ku Tsangano kupita ku tala nthawi ya mvula, lole itadzaza matumba. Chachiwiri anapereka a Silvester: kubzala chimanga ndi mvula yoyamba ya mu Okutobala, imene imatha kugwa kamodzi n'kusowa milungu itatu. Iwo ankanena m'Chichewa, Eliza n'kumatembenuza, akufufuta ndi kulembanso.

Chachitatu chinawavuta. Eliza anatchula zokwera njinga yamoto anthu atatu, koma a Silvester anati zikufanana ndi za msewu zija. Anayang'ana kukhitchini kumene akazi awo, mayi Jessie, ankakazinga chimanga, n'kutsitsa mawu.

"Lembani kuti kuuza amayi anuwa kuti ndiwo zachepa mchere."

"Bambo, zimenezo ndikawerenge m'kalasi?"

"Lembani. Ine ndayesapo kawiri. Ulendo woyamba anaseka. Wachiwiri ndinadya therere sabata yonse."

Lachisanu mayi Fanizo anaitana Eliza kuti aimirire. Anawerenga ziganizo zake, mawu akutuluka bwino. Atafika pa chiganizo chomaliza, "Telling my mother-in-law that the relish needs salt is a bit dicey," kalasi yonse inafa nacho chiseko. Mayi Fanizo anafunsa kumene anapeza tanthauzo lolondola chonchi.

"Kwa apongozi anga aamuna," anayankha Eliza. "Sukulu analekeza Sitandade 3."

Atafika kunyumba anawapeza a Silvester akumangirira mbuzi. Anagwada n'kuwapatsa kope kuti aone chizindikiro chofiira cha mphunzitsi. Iwo analigwira patali ndi maso, akuyendetsa chala pamzere.

"Lili pati liwu lathu lija?"

Eliza anawalozera.

"Ili? Mulibe 'a', mulibe 's'?" Analiyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Zaka makumi anayi ndakhala nalo m'mutu, nkhope yake ndikuiona lero."

Anatola kamtengo n'kulilemba pansi, chilembo chimodzichimodzi, akuyang'ana m'kope. Mbuzi ina inadutsa n'kuponda pakati pake, iwo n'kulilembanso.

Mayi Jessie anatuluka ndi lichero la chimanga chokazinga n'kufunsa chimene anthu awiriwa ankaseka masiku ano. A Silvester anati ndi za sukulu, zovuta kufotokoza. Mayi Jessie anawayang'ana mokayika, nakhala pamkeka, ndipo atatuwo anatafuna chimanga mpaka dzuwa linapendeka ku mapiri a ku Mozambique. Eliza anatsegula tsamba lina n'kuyamba kuwawerengera ndime ya Lolemba, a Silvester akumuimitsa apo ndi apo pa mawu amene ankawakumbukira.