Masamba pa Msewu wa ku Ntcheu

Lachiwiri pa 17 Okutobala 2023, nthawi itangopitirira 2 koloko masana, tulo tinandigwira pa mpando wa m'galaja kwathu ku Chirimba, ndipo ndinalota bambo atabwera kudzakwera galimoto yawo. Bambo anamwalira pa 9 Febuluwale 2011.

Galimotoyo ndi ya ku America, ya 1969, ya zitseko ziwiri, injini ya masilinda eyiti, chiwongolero kumanzere. Bambo, a Yotamu Chimbalanga, anabwera nayo mu 1975 kuchokera ku Bulawayo kumene ankakonza malole. Inasiya kuyenda mu 1996. Mu 2009, bambo atayamba kudwala n'kubwera kudzakhala nafe m'tauni, ndinakaikoka kumudzi ku Ntcheu, ndinaikhazika pa njerwa, ndipo ndinawalonjeza kuti ndikaikonza ndidzawaperekeza nayo kwawo injini ikulira. Kwawo anapita pa lole ya kuntchito kwanga, ali m'bokosi. Ine ndinapitiriza kukonza. Ndinamaliza pa 30 Seputembala, patatha zaka khumi ndi zinayi, koma pofika tsiku la malotowo ndinali ndisanaitulutse pa geti.

M'malotomo bambo anaima pakhomo la galaja atavala suti yotuwa imene tinawaika nayo, chipewa chili kumutu. Moni sanapereke. Anaizungulira galimoto kamodzi, anagogoda tayala lakumbuyo ndi nsapato, kenako anandiyang'ana.

"Mwatha, a Ezara?"

Ali moyo sanandiitanepo ndi ulemu wotero. Ndinayankha kuti ndatha.

"Ndiye tiyeni. Anthu atopa."

Akazi anga, a Nasibeko, anatuluka m'nyumba atamanga chitenje cha kumaliro, atanyamula chigubu cha madzi cha malita makumi awiri. Anagwada patali n'kundiuza chapansipansi kuti lero mkazi mnzawo wadzuka. Ndi mmene amaitchulira galimotoyo kuyambira 2012. Popeza zitseko n'ziwiri zokha, bambo anaima pambali atatembenuka kuti apongozi awo alowe kumbuyo. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene a Nasibeko ankafuna kuuza bambo chinkadzera mwa ine, ngakhale mutu wa bambo unali pafupi moti akanatha kuukhudza.

Injini inalira nditangopotokola kiyi kamodzi. Masipanala amene ndimapachika pakhoma anagwa onse. Nditatsegula chitseko cha galaja, kunja kunalibe bwalo lathu kapena geti. Kunali msewu waukulu, kupitirira Lunzu pang'ono, phula likunyezimira ndi dzuwa.

Wailesi ya m'galimoto sindinailumikizebe, mawaya ake ali m'chitini pa shelefu. Koma inayaka. Mayi wina ankawerenga mauthenga achisoni, ndipo anati: "A Chimbalanga a ku Chirimba akudziwitsa abale onse kuti mwambo woika m'manda a Yotamu Chimbalanga, umene unayamba pa 11 Febuluwale 2011, utha lero galimoto ikafika. Ikapanda kufika dzuwa lisanalowe, anthu apitiriza kudikira."

Bambo anati mayiyo amawerenga bwino.

Ntchito yanga inali yoyeza malo, choncho mtunda sundivuta kuwerengera. Panatsala makilomita okwana 130. Dzuwa mu Okutobala limalowa isanakwane 6 koloko. Galimoto ngati imeneyo ikanafika mu ola limodzi ndi theka popanda kuikakamiza. Ndinaponda mafuta. Kwa mphindi imodzi, mwina ndi theka, ndinamva chimene ndinachivutikira zaka zonsezo: mpando ukundikankha kumsana, mitengo ikufupika. Kenako ndinaona masamba atayalidwa pa msewu.

Bambo anavula chipewa. Ndinachepetsa liwiro mpaka kufanana ndi munthu woyenda pansi, monga aliyense amachitira pa zovuta. Titadutsa masamba a mbali inayo ndinafuna kupondanso, koma patsogolo panali ena. Kuchokera pamenepo kukafika pa Zalewa ndinawerenga malo makumi anayi ndi amodzi.

Anthu anali atakhala m'mbali mwa msewu, abambo kwina, amayi kwina. Palibe amene ankalira. Kulira kunatha kale zaka zapitazo, anangotsala ndi kukhala. Ndinazindikira kuti maliro ake ndi amodzi, a bambo, ndipo kuti masambawo amathyoledwa atsopano m'mawa uliwonse akale akafota. Mitengo yonse ya m'mbali mwa msewu inali yopanda nthambi mpaka pamene dzanja limalekezera.

Bambo wina wokankha njinga ya makala anatipitirira. Anavula kapusi, anapepesa zovuta, ndipo anayamikira penti. Kenako anafunsa ngati ng'ombe zoikoka ndinazisiya kunyumba. A Nasibeko anaseka m'chitenje, n'kundiuza kuti ndiwapepesere kwa apongozi.

Kasingano koonetsa kutentha kwa injini kanayamba kukwera titayenda makilomita khumi ndi awiri. Injini yaikulu imafuna mphepo. Ikamayenda pang'onopang'ono pa dzuwa la Okutobala imadziphika yokha. Pofika pa Zalewa kasinganoko kanali pa chofiira, ndipo ndinaima.

Mtsinje wa Shire unali utatuluka m'khwawa lake n'kuima m'mbali mwa msewu pamodzi ndi ogulitsa malonda. Unabwera pa windo langa, unapereka moni mwaulemu, ndipo unafunsa ngati ndikufuna madzi. Ndinatsika n'kutsegula boneti. Ndinadikira kuti nthunzi ithe, ndinamasula chivundikiro cha rediyeta ndi sanza, ndipo mtsinje unathira. Inadzaza msanga.

"Galimoto iyi ndimaidziwa," unatero mtsinje. "Kale inkamwa ndowa ziwiri."

Bambo anali atatsika nawonso. Anasuzumira mu injini nthawi yaitali. Anaona kabuleta yatsopano, anaona mapaipi onyezimira. Kenako anagwira kutsogolo kwa injini.

"Rediyeta yanga ili kuti?"

Ndinawafotokozera zonse, ndi masiku ake. Mu 1977 iwo anachotsa rediyeta imene galimotoyo inabwera nayo n'kuikamo ya lole. Inali yaitali kwambiri, moti anacheka boneti n'kuwotcherera linunda pamwamba kuti itsekeke. Ndili mwana anzanga ankaitcha galimoto ya linunda, ndipo ndinkachita manyazi. Mu Juni 2016 ndinapeza buku la zithunzi loonetsa mmene galimoto zoterozo zinkatulukira kufakitale. Ndinaitanitsa rediyeta yeniyeni kudzera ku Durban, ndinaidikira miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mmisiri wa ku Ndirande anawongola boneti mpaka linunda linatheratu. Yakaleyo ndinapatsa munthu wogula zitsulo. Ndinamaliza ndi kunena kuti panopa galimotoyo ili ndendende mmene eni ake anaipangira.

Bambo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kumene anaipangira sayala masamba pa msewu," anatero. "Ine ndinafika nayo kuno mu Ogasiti. Pofika Khirisimasi inali itawira katatu, konseko pa maliro a anthu. Inu mumaganiza kuti linunda lija ndinalikonda?"

Ndinati sindinaganizepo chilichonse za linundalo, kupatula kulichotsa.

A Nasibeko anatulutsa mutu pa windo. "Auzeni apongozi kuti ine ndinanena kuti chitsulocho chisachoke pakhomo."

Zinali zoona. Ankachifuna chotsekera khola la nkhuku.

Tinapitiriza ulendo. Ndinayatsa hita kuti ichotseko kutentha kwa injini, ndipo mpweya wamoto unadzaza m'galimoto. Malaya anga anamatirira kumsana. A Nasibeko ankadzikupiza ndi mpango, akunena kuti pa zaka zonse zimene mkazi mnzawoyu wadya Loweruka lawo, sankayembekeza kuti tsiku lomukwera adzawaphika. Bambo sanatuluke thukuta. Anakhala atawongola msana, chipewa pa maondo, akugwedeza mutu kwa aliyense wokhala m'mbali mwa msewu, ndipo ena ankawatchula maina.

Tinkaima makilomita atatu aliwonse. Chigubu chinatha tisanafike pa Chingeni. Kuchokera apo amayi ankabwera ndi madzi m'mapoto a kumaliro, ankagwada, ankathira, ankabwerera kukakhala. Palibe anandidzudzula. Mmodzi anangofunsa ngati ino ndi galimoto ija, ndipo nditavomera anati ankaiyesa yaikulu.

Titapitirira Chingeni dzuwa linali litapendekeka. Ndinawerengeranso, ndipo masamu sanagwirizane nane. Ndinawapempha bambo kuti andilole ndithamange makilomita khumi okha. Mphepo ikanaziziritsa injini, tikanapezanso nthawi. Ndinati anthu onsewa akudikira ifeyo, palibe angakwiye, komanso maliro ake ndi awo omwe.

"Maliro ndi anga," anatero bambo. "Masamba si anga. Anayala ndi anthu."

Ndinakhalabe pa giya yoyamba. Mwendo wanga wakumanja unachita dzanzi, kenako unasiya kumveka. Dzuwa linafika pamwamba pa phiri n'kuima pamenepo. Linkaoneka kuti likutidikira nalonso, koma mosakondwa, ndipo nthawi ndi nthawi linkatsetsereka pang'ono ngati munthu wosinza pa benchi.

Kupitirira Bawi tinasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wopita kwathu. Kumeneko masamba sanali m'mizere. Msewu wonse unali wokutidwa, atsopano pamwamba pa ouma, mpaka matayala sankagunda dothi. Nyumba yathu tinaidutsa. Denga linali litagwa, koma achibale anali atakhalabe pa mphasa panja, mmene ndinawasiyira mu 2011. Azakhali anga anakweza dzanja pang'ono.

Mitengo ya kumanda inaonekera kutsogolo. Mtunda unali mamita 600, ndipo ngati ndinalakwitsa si ndi mamita oposa khumi. Injini inagogoda kawiri mkati mwake n'kuzima. Nthunzi inatuluka m'mbali zonse za boneti. Ndinapotokola kiyi katatu, koma palibe chinatembenuka.

Mkulu wa adzukulu, a Filimoni Kanyumbu, anabwera kuchokera kumanda ndi anzawo asanu. Mu 2011 anali munthu wa mphamvu zake. Tsopano anali ndi imvi, ndipo mpini wa khasu lawo unali utaphuka masamba. Tinapatsana moni wonse. Kenako ndinawapempha kuti atikankhe, popeza malo otsalawo ndi otsetsereka ndipo anthu asanu ndi mmodzi akanakwanitsa.

A Kanyumbu anati kukankha sikuvuta. Koma iwo anauzidwa kuti malemu adzafika injini ikulira.

"Mawuwo ndi anu, achimwene, si athu. Tikakankha ndiye kuti sanafike."

Ndinafunsa ngati palibe njira ina. Anati iwo saidziwa. Anawonjezera, mosakweza mawu, kuti munda wawo sunalimidwe madzinja khumi ndi awiri, ndipo mwana wawo wamkazi anakwatiwa iwo ali pa dzenje. Sananene modandaula. Anangofuna kuti ndidziwe, ndipo anafunsa ngati anzawowo angakhaleko pansi pa mthunzi wa galimoto. Ndinawalola. Anatsamira zitseko, makasu pakati pa miyendo.

Dzuwa linalowa. Wailesi inayakanso, ndipo mayi uja anati anthu apitiriza kudikira. Kenako anayamba kuwerenga uthenga wa banja lina.

Ndinabwerera pa chiwongolero. Bambo ankayang'ana mitengo ya kumanda kudzera pa galasi lakutsogolo. Ndinawapepesa. Anati zopepesa n'zosathandiza injini.

"Pitani mukaitenge rediyeta ija. Boneti mudzachekanso pomwe paja. Ine ndikhala momwemuno."

Ndinapinda mpando wanga kuti a Nasibeko atuluke, koma anakana. Anati ndiwauze apongozi kuti sangawasiye okha m'galimoto, ndipo ine ndifulumire chifukwa nkhuku sanazitsekere. Ndinawauza bambo mbali yoyamba yokha.

Ndinayamba kubwerera wapansi. Ndinafuna kuthamanga, koma ndinali kuponda masamba, ndipo anthu ankandiyang'ana. Ndinayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

Ndinadzuka nthawi ili 3:25. Galimoto inali pamalo pake, boneti yozizira. A Nasibeko ankaanula zovala panja, ndipo nditawafunsa ngati kunabwera munthu anati ayi.

Loweruka pa 21 ndinapita ku Ndirande. Wogula zitsulo uja, a Mdoka, akadalipo. Anaikumbukira rediyetayo chifukwa cha kulemera kwake, ndipo anati sanaiphwanye, anaipereka kwa mwini chigayo wina ku Lunzu. Lolemba pa 23 ndinachipeza chigayocho. Mwini wake anati inamugwirira ntchito zaka zinayi, kufikira pamene analumikiza magetsi. Kenako inatengedwa ndi bambo wina wa ku Mwanza amene amagula injini zakale. Dzina lake salidziwa, foni yake alibe, koma amabwera pa msika wa Lunzu Lachinayi.

Ndapitako pa 26 Okutobala, pa 2 Novembala ndi pa 9 Novembala. Sanabwere.