Zitosi Zosaola

Anatsika basi kutada kale. Kuno anali asanafikeko chisamukireni alamu ake. Foni m'manja ngati tochi, nsapato zosongoka m'matope. Woyamba kumulandira anali galu. Kenako alamuwo, achimwene a mkazi wake, nyali ili m'manja.

"A Lumo! Mdima uno? Kwagwanji?"

Ankamutcha Lumo poti ankameta anthu m'tauni. Komanso chilichonse ankachita mothamanga.

"Maliro kulibe, alamu. Koma mawa akhalako. Anga."

Anafotokoza ali chiimire. Mkazi wake anapita kukasamalira mng'ono wake amene wangobereka kumene. Anamusiyira therere lake kuseri kwa nyumba, lodzala m'matumba akale a simenti. Ntchito inali imodzi: kuthirira. Therere limenelo ndi limene mayiyo amapereka kulesitilanti ya pakona, ndipo eni lesitilanti amalikonda chifukwa silikuda msanga. Koma Lumo anafuna kutamandidwa. Anapita kukhola la nkhuku kwa aneba. Anadzaza wilibala ndi zitosi zatsiku lomwelo. Anakhuthulira m'matumba monse. Masamba anapsa ngati awasita.

"Akubwera mawa madzulo. Ndiye mundizulire lanu, ndikaokere momwemo. Sakadziwa."

Alamu anaseka mpaka nyali inagwedezeka.

"Therere lalikulu salizula, bambo. Muzu wake ndi umodzi, wautali. Likafika kwanu litakomoka. Ndipo mlongo wanga ameneyo mitengo yake amaidziwa ngati ana ake."

Anamukokera kuseri kwa khola. Panali milu iwiri ya manyowa.

"Pisani dzanja apa."

Lumo anayang'ana dzanja lake lometera anthu, losalala. Anapisa. Munali motentha. Fungo linamulasa m'mphuno, misozi lengelenge.

"Tsopano apa."

Mozizira. Mwakuda bii, mofumbutuka ngati dothi la pansi pa mtengo. Fungo lake la mvula yoyamba.

"Uwu ndi chakudya. Uwo ndi moto. Inu munadyetsa therere moto."

Akazi a alamu anatuluka ndi dengu la therere lovundikira nsalu yonyowa pang'ono. Anali atamva zonse.

"Takulandirani, alamu. Sambani kaye m'manjamo, musatiotchere ili nalo."

Anamupatsa therere limodzi. Lobiriwira, lolimba. Anati linathyoledwa kuchiyambi kwa sabata. Lumo anapinda kunsonga. Kunathyoka kuti thyo!

"Mukuona? La manyowa oola bwino limapirira. Bola osalitsuka, osalisiya padzuwa, osalipanikiza m'pulasitiki."

"Nanga oola amatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi, alamu."

"Miyezi! Palibe njira yachidule?"

"Njira yachidule ndi imene yakufikitsani kuno."

Anagona m'chipinda chosungira makasu ndi zitini zothirira. Tulo tinavuta. Mabodza onse amene anawayesa m'mutu anali obooka. Mbuzi? Kwawo kulibe mbuzi. Matalala? Mwezi uno?

Kusanache bwino anali kale m'munda ndi alamu, akuthyola tating'onoting'ono. Manja ankayabwa. Sanadandaule. Dengu linadzaza: la kulesitilanti lapezeka, mkazi wake sachita manyazi. Anamuikiranso mbewu m'kabotolo. Pomaliza alamu anagubuduza thumba la manyowa oola, lalikulu ngati munthu.

"Kathumba kakang'ono palibe?"

Akazi awo anatsokomola.

"Eni ake anati lalikululi."

"Eni ake ati?"

"Akazi anu. Anaimba dzulo masana, inu musanakwere ndi basi yomwe. Aneba aja anali atawatumizira kale chithunzi cha therere lopsalo. Anadziwiratu kuti muthawira kuno. Akuti mukadzale nokha, mukathirire nokha. Ndipo kukhola la nkhuku musakaonekenso."

Lumo anakhala pathumba paja. Anapumira m'mwamba. Mwina mantha anali atatha, mwina anali akuyamba kumene.

"Mawu awo anali otani? Okwiya?"

"Ankaseka. Koma inu mukuwadziwa kusiyana ndi ife."

Basi yoyamba inafika chifunga chisanachoke. Kondakitala anayesa kunyamula thumba, n'kulisiya.

"Bwana, muli chiyani umu?"

"Banja langa," anatero Lumo. "Gwirani uko. Pang'onopang'ono."