Apongozi pa Mpando wa Kutsogolo

Godfrey Namakhwa anali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi makompyuta pa Balaka, kuseri kwa depoti ya mabasi, koma ankakhala ku Utale, pa chikamwini, kwawo kwa mkazi wake Nelia. M'mawa uliwonse ankalawirira pa njinga yamoto, ndipo m'nyengo ya mvula ankafika pa ntchito matope ali m'maondo, makasitomala atatopa ndi kudikira. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuti aloledwe kutenga Nelia ndi mwana wawo, akakhale nawo ku Balaka pa chitengwa. Wopereka chilolezocho anali a Blasius, amalume a Nelia, mwini mbumba, amene anapuma ntchito ya njanji ku Nkaya.

A Blasius sanakane, komanso sanavomere. Ankhoswe akapita, ankangowayankha kuti nkhaniyo akuilingalira. Nelia ndiye anatsina khutu mwamuna wake za chimene chinkawavuta akuluwo: anamva kuti mkamwini wawo, bambo wa ndevu zake, amathera Loweruka lonse pa gemu ya ndege ngati mwana wa sukulu.

Zimene anamvazo zinali zoona, kupatula mawu akuti gemu, amene Godfrey ankadana nawo. M'chipinda cha kumbuyo kwa shopuyo munali kompyuta ya pulogalamu yoyerekeza kuulutsa ndege, ndi mipando iwiri yochotsedwa m'minibasi yakufa, yoikidwa motsogozana. Mpando uliwonse unali ndi ndodo yake yowongolera ndi chogwirira cha moto. Anakonza zimenezi ndi mnzake Sabiti, wogula ndi kugulitsa mbewu pa Ulongwe, potsanzira ndege imene Godfrey ankaikonda: L-29, jeti yakale ya ku Czechoslovakia yophunzitsira asilikali, mmene wophunzira amakhala kutsogolo ndipo mphunzitsi kumbuyo.

Loweruka lina masana anthu awiriwa anali pa mkangano wawo wa nthawi zonse.

"Achimwene, ndege yanuyi ndi kalongonda," anatero Sabiti. "Ukaipatsa moto lero, imapsa mawa. N'chifukwa chake Alomwe inu mumaikonda."

"Injini za nthawi imeneyo zinali choncho," anayankha Godfrey. "Zimachedwa kuyankha. Ndege zatsopanozi zimakhululukira aliyense, ngakhale wogula nandolo wa pa Ulongwe. Iyi imafuna munthu woona patali. Ukazindikira kuti watsika kwambiri, ndiye kuti wachedwa kale."

"Tiikepo ya ku Italy ija. Ija ndiye ndege, yowonda bwino, yokwera ngati kabawi."

"Iyayi. Ija mumaikonda chifukwa cha utoto basi. Mwaiwala kuti munaiteretsa chamimba, mawilo ali m'kati?"

"Tsiku limenelo ndinali ndi malungo."

Pomwepo panamveka "Odi!" pakhomo la shopu, ndipo Godfrey anawazindikira mawuwo. Anali a Blasius, atavala jekete ndi tayi ngakhale kunkatentha, chipewa chili m'manja. Godfrey anatuluka msangamsanga, n'kunjuta chapatali, n'kuwomba m'manja popereka moni. Sabiti anangosuzumira ali chilili.

"Mwaswera bwanji, madala?"

"Dzina langa ndine Blasius," anatero mkuluyo mosakweza mawu. "Mawu akuti madala ndi a pa depoti apo. Ndaswera bwino, kaya inu?"

Sabiti anavula kapusi yake mofulumira n'kutchula dzina lake. Kenaka a Blasius anatembenukira kwa Godfrey.

"Akamwini, ndabwera kudzaona chimene chimakusungani kuno Loweruka. Za kumva zandikwana."

Godfrey anadziwa kuti nkhani ya chitengwa igamulidwa m'kachipinda kameneko. Anawalowetsa, n'kuwapukutira mpando wa pambali, ndipo iye ndi Sabiti anadzutsa ndegeyo pa bwalo la Chileka n'kuloza kumpoto. Poyamba a Blasius ankangoonerera. Koma mtsinje utaonekera pansi, anasendeza mpando wawo.

"Uwo ndi Shire?"

"Inde, bambo."

"Ndiye mzere wowongoka uwo ndi njanji. Apo pakumana iwiriyo ndi pa Nkaya." Kenaka analoza ndodo yowongolera. "Ndikufuna ndiigwire ndekha."

Sabiti anawapatsa mpando wa kutsogolo. Godfrey anaimirira kuti mnzakeyo akhale kumbuyo monga mphunzitsi, poti sikunali koyenera kuti mkamwini akhale pafupi chotero ndi msana wa apongozi ake.

"Sindinabwere kudzaona Che Sabiti," anatero a Blasius osacheuka. "Khalani pamenepo, akamwini."

Godfrey anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando. Sabiti anawasonyeza akuluwo ndodo, chogwirira cha moto, batani la mawilo ndi muvi wosonyeza liwiro, kenaka anafotokoza lamulo.

"Ndege iyi ili ndi ndodo ziwiri, bambo, koma woyendetsa amakhala mmodzi. Wa kumbuyo akanena kuti 'Ndatenga ndege,' wa kutsogolo amasiya nthawi yomweyo, n'kuyankha kuti 'Tengani.' Palibe kufunsa chifukwa."

"Ndamva."

A Blasius anaigwira ndodoyo mouma, koma sanaigwedeze mwachibwana monga amachitira oyamba kumene. Anatsatira njanji mpaka ku Utale, n'kukhota pang'onopang'ono, n'kubwerera kum'mwera. Bwalo litaonekera patali, ananena kuti atera okha. Anatsitsa mawilo monga anauzidwira, kenaka anabweza moto wonse, ngati mmene munthu amachitira poyandikira siteshoni.

Godfrey anaona muvi wa liwiro ukutsika. Anadziwa chimene chinkafunika, ndipo mawu ake anali awiri okha. Koma chikwatirireni anali asanawauzepo a Blasius chochita. Ku Utale, akaona kuti nkhokwe ya akuluwo yapendekera, ankauza Nelia, Nelia ankauza amayi ake, ndipo amayi akewo ndiwo ankakauza alongo awo. Ndiyo njira imene ankaidziwa. Anatsokomola. A Blasius sanacheuke. Anatsokomolanso, kenaka anakodola Sabiti n'kumunong'oneza.

"Auzeni awonjezere moto."

"Ine ndasanduka nkhoswe wanu?"

"Chonde, achimwene, auzeni!"

"Bambo," anatero Sabiti, "akamwini anu akupempha kuti muwonjezere moto."

A Blasius anakankha chogwiriracho mpaka kumapeto. Injini inayamba kulira pang'onopang'ono monga mwa chikhalidwe chake, koma isanapeze mphamvu, mphuno ya ndege inagwa, minda inadzaza galasi lonse, ndipo kenaka panangoti bii.

"Tafa?" anafunsa a Blasius.

"Nonse awiri, bambo," anayankha Sabiti. "M'munda mwa eni ake."

"Akamwini, munaona kuti tikugwa?"

"Ndinaona, bambo."

"Munaona liti?"

"Pamene munabweza moto."

"Ndiye munali ndi nthawi." A Blasius anavula magalasi awo, n'kuwapukuta ndi kansalu, n'kuwavalanso. "Ibwezereni m'mwamba."

Pamene Sabiti ankaibwezera ndegeyo pamalo pamene inali, Godfrey ankalingalira zochita. Akakhalanso chete, akuluwo apita ku Utale atatsimikiza kuti mkamwini wawo ndi munthu wosathandiza ngakhale pa chinthu chake chomwe. Akawalamula, apita atatsimikiza kuti ndi wamwano. Kulikonseko, Nelia atsala kumudzi.

Ulendo wachiwiri a Blasius anasunga moto wambiri poopa zija, ndipo maso awo onse anali pa muvi wa liwiro. Bwalo linkayandikira, mawilo akadali m'kati. Godfrey anaweramira kutsogolo.

"Tsitsani mawilo, bambo."

Khosi la a Blasius linauma, koma anadina batanilo. Mawilo atatuluka, ndege inayamba kulemera, ndipo akuluwo, poona kuti ali pamwamba kwambiri, anabwezanso moto wonse n'kuloza mphuno pansi.

"Moto pang'ono, bambo."

"Ndikuona."

Sanawonjezere. Atayandikira pansi anakoka ndodo kuti akweze mphuno, ndipo muvi unatsika mofulumira. Godfrey anaika dzanja pa ndodo yake.

"Ndatenga ndege."

"Dikirani, ndatsala pang'ono."

"Ndatenga ndege, bambo."

A Blasius sanasiye. Ndodo ziwirizo zinkalimbana, wina akukoka, wina akukankha, ndipo ndegeyo inkagwedezeka. Godfrey anaimirira, n'kutambasula mkono pamwamba pa phewa la apongozi ake, n'kugwira dzanja lawo, n'kulichotsa pa ndodo.

"Siyani!" anakuwa Godfrey.

Anagwera pa mpando wake, n'kukankha moto wonse, n'kutsitsa mphuno pang'ono, n'kudikira injini ija. Inachedwa monga mwa masiku onse. Nsonga za mitengo zinadutsa pafupi kwambiri, kenaka mphamvu inabwera, ndipo ndege inayamba kukwera. Godfrey anazungulira bwalo, n'kubweranso, n'kutera. Mawilo anadumpha kamodzi, koma ndege inaima pakati pa msewu wake.

Sabiti anatola foni yakufa pa tebulo n'kuyamba kuiyang'anitsitsa ngati muli nkhani yofunika.

A Blasius anaimirira n'kukonza jekete yawo.

"Che Sabiti, lamulo lija munati limati chiyani?"

"Limati wa kutsogolo asiye nthawi yomweyo, bambo."

"Ndiye ine ndalakwira lamulo la ndege, ndipo ndavomera. Koma sindinamve mukunena kuti lamulolo limalola mkamwini kugwira dzanja la apongozi ake, kapena kuwakalipira pamaso pa mlendo."

"Zimenezo mulibe, bambo," anatero Sabiti motsitsa mawu.

Godfrey anali atagwada kale pansi.

"Pepani, bambo. Ndalakwa."

"Mwalakwadi, ndipo kupepesa kwa pakamwa sikukwanira. Dzukani mundiperekeze."

Anayenda kupita ku depoti, a Blasius patsogolo, Godfrey pambuyo atanyamula kachikwama kawo. Oitanira anawathamangira akufuula, koma akuluwo anawadutsa ngati sakuwamva, n'kusankha okha galimoto yopita ku Utale. Godfrey anawatsegulira chitseko, akuganiza za mmene akafotokozere Nelia. Atakhala bwino, a Blasius analandira kachikwama kaja n'kumuyang'ana pawindo.

"Mukauze ankhoswe anu abwere sabata ya mawa ndi nkhuku ya chipepeso. Ikhale yachikuda, isakhale yoyera ya m'mashopuzi."

"Ndamva, bambo."

"Tikatha zimenezo tidzakamba za chitengwa. Ndinkaopa kupereka mwana wa mlongo wanga kwa munthu amene angamaonerere zinthu zikuwonongeka. Ulendo woyamba uja ndinatsala pang'ono kutsimikiza. Nelia atha kusamuka tikatha kukolola, koma nyumba ya ku Balakayo ndidzaione kaye ndekha."

Godfrey ananjuta pomwepo pafumbi, pakati pa oitanira ndi ogulitsa nthochi, n'kuwomba m'manja. Dalaivala analiza injini. A Blasius anavala chipewa chawo, kenaka anasuzumiranso pawindo.

"Ndipo mpando wa kutsogolo uja mukaumange bwino. Ukugwedera."