Gulu la Nyemba la a Namukonda

Salome anatsomphola foni m'manja mwa mlamu wake uthenga usanapite.

"Amake Mwayi, bwezani foniyo," anatero Towera.

"Ndibweza. Mwalemba chiyani?"

"Ndalemba kuti malo anga apatse wina."

Anali pa chulu cha kuseri kwa khola, malo okhawo pamudzipo pomwe netiweki ya Malawi imagwira osasanduka ya ku Tanzania. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda a Namukonda, azakhali amene analera Towera ndi mlongo wake Wongani, mwamuna wa Salome. A Namukonda anabwezedwa ku ukwati ali mtsikana chifukwa chosabereka, ndipo sanakwatiwenso.

Chingerezi cha m'fonimo Salome sakanachimva, sukulu anasiyira Sitandade 8. Koma nkhaniyo ankaidziwa. Towera, dokotala wa amayi ku Mzuzu, anasankhidwa kukaphunzira zaka ziwiri ku South Africa, maphunziro a madokotala okhaokha, a kupima ndi kuthandiza mabanja osabereka. Malo anali awiri basi. Wosafika Lolemba, ataya malowo. Tsikuli linali Lachinayi.

"Adada aakulu anena kuti mwana wa nyumba sachoka mwezi usanathe," anatero Towera. "Ndipo sanalakwe. Ankhazi anga a Namukonda adwala miyezi inayi ine ndili pa mapepala a viza. Ndikathandize akazi a eni, wanga ndinalephera ngakhale kumusambitsa?"

"Ndinkawasambitsa ndine, ndipo sanadandaule." Salome anasomeka foniyo m'mbereko, pakati pa msana wake ndi mimba ya Mwayi. "Tiyeni mukaone anthu anu kaye."

M'khitchini ya malemu munali amayi asanu, akusankha nyemba m'malichero. Towera anawaona kale dzulo lake, nayesa ndi otsalira pa maliro.

"Mwaghona, adokotala," anamulonjera.

"Awa ndi a gulu la nyemba," anatero Salome. "Lachinayi lililonse amakumana muno. Mudzi wonse umadziwa kuti amasonkha nyemba zokagulitsa kuboma. Taonani bwino, alamu. Ndani ali ndi mwana kumbuyo?"

Towera anayang'ana misana yonse isanu. Panalibe mwana ndi mmodzi yemwe.

"Nanenso ndinakhala pa mphasa iyi zaka zinayi, Mwayi asanabwere," Salome anawonjezera.

Mayi wina wamtali, dzina lake Lucy, anaika lichero pansi. "Ine chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi. Mizu ndamwa ya ku Mafinga, ya ku Tunduma, mpaka mano ada. Kuchipatala amangoti pitani mukayesenso, ngati kuti kunyumbako timangoyang'anana."

Anzake anaseka chapansipansi, pokumbuka kuti pakhomopo pali maliro.

"A Namukonda anatiuza kuti mwana wawo akupita kukaphunzira zimenezi," Lucy anapitiriza. "Anati akabwera adzatipima ife ndi amuna athu omwe."

Towera anakhala pa mtondo wogubuduzika. "Amayi, ndisakunamizeni. Ena njira za mazira zinatsekeka. Zina madokotala amatsegula, zina ayi. Ena vuto lili kwa abambo. Ngakhale nditaphunzira, sindingalonjeze mwana kwa aliyense."

"Anatiuza zimenezonso. Ife tikufuna munthu wotiuza chifukwa chake. Ndikadziwa, ndidziwanso choyankha apongozi."

Pakhomo panada. Anali adada aakulu aja, a Henderson Simukonda, mlongo wamkulu wa malemu, ndodo kumanja.

"Ndamva kuti wina waitanitsa njinga yamoto ya mawa."

Salome anagwada. "Ndine, adada."

"Iwe ndiwe mtengwa pano. Mtengwa salamula maliro."

"Maliro ayi, adada. Ndalamula njinga."

"Nyumba ino ikufuna mwana wake mpaka tisese. Sukulu yanji yosatha? Mwamuna alibe, mwana alibe, ndiye akaphunzire kuberekera anzake? Mwana amapereka ndi Mulungu."

"Chimanga nachonso amapereka ndi Mulungu, koma feteleza mumakagula," anayankha Salome, maso ali pansi. "Kusesa ndisesa ndine. Pakhomo pano ndasesa zaka zisanu ndi chimodzi, ndikudziwa pamene pamakhala zinyalala."

"Mwambo suseweretsedwa, mwana iwe. Taona za khala zija tinatsata. Lero mlongo wanga wagona bwino, ndipo uchumba wake subwereranso m'banja muno."

Tsiku loika maliro, mkuluyo anapatsa Salome khala kuti aliike kumsana kwa malemu, monga ankachitira makolo a banjalo munthu akafa wopanda mwana.

"Adada, khala lija sindinaike."

Manja onse m'malichero anaima.

"Munthu analera ana awiri a mng'ono wanu, wina lero ndi dokotala. Wopanda mwana ndani? Ndinalibweza pa mbaula. Tiyi munamwa tsiku lija munati wakoma."

A Henderson anakweza ndodo pang'ono, nayang'ana amayi aja ngati akufuna mboni. Pamenepo m'pamene anaona kuti wa pakona, amene anakokera mpango kumaso, anali Patricia, mkazi wa mwana wawo womaliza. Zaka zitatu mtsikanayo ankatsanzika Lachinayi lililonse kuti akupita ku nyemba.

"Nawenso?"

"Nanenso, adada."

Ndodo inatsika. Mkuluyo anaima nthawi yaitali akuyang'ana tsindwi, pamene mlongo wake anasomeka zikwakwa ndi mbewu ya mawere.

"Towera, wati zaka zingati?"

"Ziwiri, adada."

"Ukabwere kuno. Usakakhalire ku Joni ngati anyamata a m'mudzi muno."

"Ndibwera. Chipatala changa chili ku Mzuzu, koma woyamba kumupima achokera m'khitchini muno."

"Njingayo ifike m'mamawa. Minibasi za ku Karonga sizidikira munthu." Anatembenuka, kenaka anaima. "Iwe mtengwa, tsiku lina usadzandimwetsenso mwambo."

"Yewo, adada."

Towera anatambasula dzanja. Salome anasolola foni kumsana, ili yofunda, Mwayi atainyowetsa ndi dovu. Dokotalayo anaipukuta pa chitenje, nafufuta zonse zimene analemba pa chulu paja.

Salome sanadzuke. Anamasula mfundo ya pachifuwa, natsitsira mwana pa miyendo. Mberekoyo inali nsalu yabiriwira yofwifwa, yosokedwa kawiri m'mphepete. Towera anaizindikira. Ali mwana ankaiona pansi pa sutikesi ya azakhali, koma sanaione kumsana kwawo ndi tsiku limodzi lomwe.

"Anaigula chaka chomwe anakwatiwa," anatero Salome. "Ine anandipatsa ndilibe ndi mimba yomwe. Anati mkazi asachite manyazi kukonzekera. Mwa ana a gulu lino, Mwayi ndi wachitatu kugonamo."

Anaikung'untha, naipinda kanayi monga ankapindira mwini wake, zosokedwazo zili mkati. Kenaka anakoka dengu la Lucy, naiyala pansi penipeni, nathirapo nyemba mpaka pakamwa, kuti wokumana naye m'njira angoona nyemba.